Kodi wogulitsa nkhuni zoperewera muyeso komanso zolembedwa molakwika amalangidwa bwanji ku United States?

Mlendo_kuchisanu analemba kuti:

Moni nonse. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere kuyambira sabata yatha, ndipo ndikupempha inu amene mwakhalitsa kuno ku United States, makamaka odziwa malamulo a miyeso ya malonda, kuti mundiunikire. Chino ndi chaka changa choyamba kukhala m'nyumba yotenthetsedwa ndi mbaula ya nkhuni, choncho kugula nkhuni zambiri nthawi imodzi ndi chinthu chachilendo kwa ine.

Ndinaona chikwangwani m'mbali mwa msewu chonena kuti pali nkhuni zouma za mtengo wa oak, ndipo nditaimba foni tinagwirizana kuti andibweretsere cord imodzi, womwe ndi muyeso wogulitsira nkhuni kuno, pa mtengo wa madola 300. Bamboyo anafika chisisira chitagwa kale, anakhuthula nkhunizo pabwalo kuchokera m'kalole kake, analandira ndalama pamanja, n'kubwerera. Sanandipatse lisiti, ndipo ine sindinaganize n'komwe zoipempha, chifukwa muluwo unkaoneka waukulu kwambiri moti mumtima ndinkati ndapindula. Loweruka lotsatira tinazisanja ndi mwana wanga pakhoma la shedi. Zikuni zake n'zodulidwa mainchesi 16, ndipo mnansi wanga anandilangiza kuti ndisanje mizere yotalika mafiti 8 ndi yokwera mafiti 4, chifukwa mizere itatu yotere ndiyo imapanga cord. Mizere iwiri inakwana bwino lomwe, koma wachitatu unangokwera mafiti 2, nkhuni n'kutha.

Vuto silinathere pa kuperewera kokhako. Posanja tinkapeza zikuni zopepuka, zomata utomoni m'manja, zomwe mnansi yemweyo anati ndi paini, ndipo tikaziwerenga mwachisawawa zinkakhala ngati chimodzi pa zinayi zilizonse. Za oak zenizenizo nditaikako zingapo pamoto zinkangolira ngati nyama yokazinga, thovu likutuluka kumapeto kwake, utsi n'kudetsa galasi la mbaula usiku umodzi wokha. Nditamuimbira bamboyo anandiyankha kuti iye amagulitsa potengera kudzaza kwa galimoto yake, kuti anthu onse a kuno amadziwa zimenezo, ndipo palibe chobweza.

Mafunso anga ndi awa. Kodi pali lamulo lomwe munthu wotereyu waphwanya, ndipo ngati lilipo, chilango chake n'chotani? Kodi ndingadandaule kuti, popeza lisiti ndilibe? Ndikufunanso kudziwa za timitolo ta nkhuni tokulungidwa m'mapulasitiki tomwe timagulitsidwa pamalo omwetsera mafuta, chifukwa tina ndimationa tili ndi pepala lolembedwa zambiri pomwe tina tilibe chilichonse.

Wopuma_wa_zamiyeso analemba kuti:

Pepani kwambiri, mayi, ndi zomwe zakuchitikirani. Ndinagwirako ntchito kwa zaka zingapo mu ofesi yoona za miyeso ndi masikelo, ndipo madandaulo a nkhuni ankachuluka chaka chilichonse chisanu chikangoyamba. Poyamba ndikupempheni kuti musayatsenso chikuni ngakhale chimodzi pa mulu umenewo kufikira nkhaniyi itatha, chifukwa muluwo ndiwo umboni wanu waukulu, ndipo ukangochepa wogulitsayo adzati zoperewerazo munasonkhezera nokha.

Cord si mawu ongoyerekeza ayi. Ndi muyeso wa lamulo, wokwana makiyubiki fiti 128, womwe anthu ambiri amaudziwa ngati mulu wa mafiti 4 m'lifupi, mafiti 4 m'mwamba ndi mafiti 8 m'litali, ndipo pa miyeso ya mamita ndi pafupifupi makiyubiki mita 3.6. Malamulowo amanenanso kasanjidwe kake: zikuni zigone molunjika mbali imodzi, zigundane, ndipo muluwo ukhale wothinana. Kusanja mopingasa ngati khola, kosiya mipata yoti dzanja n'kulowa, sikuwerengedwa. Mzere wanu umodzi wa mafiti 8 ndi mafiti 4, wa zikuni za mainchesi 16, uli ndi makiyubiki fiti 42 ndi kanenepo, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo atatu a cord. Mizere iwiri ndi theka ikukwana pafupifupi 107, ndiye mwaperewedwa pafupifupi 21, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Pa mtengo womwe munalipira, amenewo ndi madola 50.

Kuti mumvetse za chilango, muyenera kudziwa kaye komwe malamulowa amachokera, chifukwa kuno kulibe chindapusa chimodzi chogwira ntchito dziko lonse. Bungwe la boma lalikulu loona za miyeso, la National Institute of Standards and Technology, lomwe likulu lake lili ku Gaithersburg m'chigawo cha Maryland, limasindikiza buku lotchedwa Handbook 130. M'bukumo muli malamulo achitsanzo omwe amagwirizanidwa pa msonkhano wa akuluakulu oona za miyeso ochokera m'zigawo zonse, msonkhano womwe unayamba mu 1905. Malamulo achitsanzowo sakhala ndi mphamvu paokha kufikira boma la chigawo litawavomereza, ndipo zigawo zambiri zinawatenga, zina monga momwe alili, zina zitasinthako. Ndiye chifukwa chake zomwe ndikunenazi muyenera kuzitsimikiza ndi ofesi ya chigawo chomwe mukukhala.

Pa nkhani ya nkhuni, bukulo likunena zinthu zitatu zomwe zikukhudza wogulitsa wanuyo. Choyamba, nkhuni zigulitsidwe pa cord, pa gawo la cord, kapena pa kiyubiki mita, ndipo mawu osadziwika malire ake, monga kudzaza kwa galimoto, mulu, kapena zomwe amazitcha face cord, kutanthauza mzere umodzi wokha wa nkhuni, ndi oletsedwa potsatsa ndi pogulitsa. Yankho lomwe anakupatsani pafoni lija silimuteteza konse, m'malo mwake likuonjezera mlandu wina pamwamba pa woyambawo. Chachiwiri, wogulitsa nkhuni zosakulungidwa ayenera kupereka lisiti yolembedwa dzina ndi adiresi yake, dzina ndi adiresi ya wogula, tsiku loperekera, kuchuluka kwa nkhunizo, mtengo wake, ndi mtundu wa nkhunizo pamodzi ndi lonjezo lililonse lomwe wanena pa ubwino wake. Udindo wopereka lisiti ndi wake, ngakhale inu musanaipemphe. Chachitatu, akatchula mitundu ya mitengo, magawo omwe wanenawo asaphonye ndi zoposa 10 peresenti. Munthu wolonjeza oak yekhayekha n'kubweretsa mulu womwe gawo limodzi mwa magawo anayi ndi paini wadutsa malire amenewo kutali.

Tsono chilango chimayenda pang'onopang'ono, ndipo ndikuuzeni momwe ndinkazionera kuti musayembekezere zosatheka. Woyendera za miyeso amabwera ndi tepi, amayeza mulu m'malo angapo chifukwa pamwamba pake sipakhala pofanana, n'kupeza kuchuluka kwake motsata njira zolembedwa m'buku lina la bungwe lomwelo, Handbook 133. Akapeza kuti zaperewera, nthawi zambiri amayamba ndi kalata yochenjeza, ndipo ogulitsa ambiri akangoona kalata ya boma amabweretsa zotsalazo kapena kubweza ndalama. Woyenderayo ali ndi mphamvu yoletsa kuti katundu asagulitsidwe kufikira cholakwikacho chitakonzedwa, ndipo kwa munthu wa malonda chiletso chimenechi chimaluma kuposa chindapusa, chifukwa chimamugwera pa miyezi yomwe amapezamo ndalama za chaka chonse. Pambuyo pake pamabwera chindapusa, chomwe chimakwera akalakwanso kachiwiri ndi kachitatu. Malamulo achitsanzo aja anasiya malo opanda kanthu pomwe pamayenera kulembedwa ndalama za chindapusa, kuti chigawo chilichonse chilembepo zake. Wochita mwadala komanso mobwerezabwereza angathe kutengeredwa kukhoti ngati wopalamula mlandu, ndipo khoti lingathe kumuletsa kupitiriza mchitidwewo.

Pali chinthu chimodzi chomwe anthu ambiri ankakhumudwa nacho, ndipo ndi bwino muchidziwiretu: chindapusa chimapita kuboma, sichibwera m'thumba mwanu. Ngati wogulitsayo akanitsitsa kubweza, njira yanu ndi khoti la milandu ya ndalama zochepa, komwe munthu amadziimira yekha popanda loya, ndipo lipoti la woyendera uja limakhala umboni wamphamvu kumeneko.

Ofesi yoti mupiteko imasiyana malo ndi malo. M'zigawo zambiri ili pansi pa dipatimenti ya zaulimi, m'zina ntchitoyi imagwiridwa ndi maboma ang'onoang'ono, monga m'chigawo cha Ohio komwe mkulu wowerengera chuma cha boma laling'ono lotchedwa county ndiye amayang'aniranso miyeso ya m'dera lake. Kusowa kwa lisiti kusakugwetseni mphwayi. Jambulani chikwangwani chija chisanachotsedwe, sungani nambala yomwe munaimba ndi mauthenga alionse a pafoni, ndipo mujambule muluwo tepi yoyezera ikuoneka.

Mdula_nkhuni analemba kuti:

Zikomo bambo chifukwa cha kufotokoza momveka bwino. Ine ndimadula ndi kugulitsa nkhuni m'chigawo cha Maine, ndipo sindikufuna kuikira kumbuyo munthu amene wabera mayiwa, chifukwa anthu otere ndi omwe amachititsa kuti tonsefe tizikayikiridwa. Komabe pali mbali ina yomwe ogula ayenera kuidziwa asanathamangire kunena kuti aberedwa.

Nkhuni zikaponyedwa mwachisawawa m'galimoto zimatenga malo ambiri kuposa zikasanjidwa, ndipo palibe wogulitsa amene angakwanitse kusanja ndi manja cord iliyonse asanaikweze, pokhapokha atakweza mtengo. Kuno ku Maine lamulo linaiona nkhani imeneyi, ndipo limavomereza cord yoponyedwa: ngati zikuni ndi za mainchesi 12 kapena 16, ziyenera kudzaza malo okwana makiyubiki fiti 180, ndipo ngati ndi za mainchesi 24, malowo akhale 195. Ine ndinayeza bokosi la lole yanga n'kulemba mzere wa penti mkati mwake, ndipo wogula aliyense ndimamuonetsa mzerewo ndisanakhuthule. Ngakhale zili choncho, anthu awiri akasanja mulu umodzi womwewo sapeza chiwerengero chofanana ndendende. Wina amafunafuna chikuni cholowa bwino pampata uliwonse, wina amangoika, ndipo zikuni zokhota kapena za mfundo zimasiya mipata yambiri. Mtengo nawonso umanyala pang'ono ukamauma. Kusiyana kwa kiyubiki fiti imodzi kapena ziwiri sindingakutche kuba. Koma theka la mzere wathunthu, monga momwe mayiwa anenera, silingasowe chifukwa cha kasanjidwe.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi mawu akuti zouma, chifukwa mawu amenewa aliyense amawatanthauzira mokomera malonda ake. Mtengo wongodulidwa kumene ungathe kukhala ndi madzi okwana theka la kulemera kwake, ndipo nkhuni zimayaka bwino chinyezi chikatsika kufika pa 20 peresenti kapena kucheperapo. Oak ndi mtengo wouma mochedwa kwambiri, moti ukawazidwa ndi kusanjidwa pamalo opita mphepo ungatenge zaka ziwiri. Ena amagwetsa mtengo, n'kuusiya chigonere wosadula kwa chaka, kenaka n'kuuwaza dzulo lake la tsiku lobweretsa, n'kumati wakhala chaka chonse ukuuma, pomwe mkati mwake ndi mwauwisi. Kulira ndi thovu zomwe mayiwa anaona ndi madzi akuwira m'kati mwa chikuni. Kuopsa kwake sikuthera pa kuzizidwa, chifukwa utsi wa nkhuni zaziwisi umasiya phula lakuda lomata m'chumuni, ndipo phula limenelo likachuluka limagwira moto n'kuyatsa nyumba.

Mayi, gulani kachipangizo koyezera chinyezi kokhala ndi timisomali tiwiri, sikadula kwenikweni. Muwaze chikuni chimodzi pakati, mubaye timisomalito pa nkhope yatsopanoyo osati kunja kwake, ndipo mujambule nambala yomwe ikuoneka. Mukachita zimenezi pa zikuni zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zotengedwa m'malo osiyana a mulu, mudzakhala ndi chonena chogwirika, chifukwa kungoti nkhuni sizikuyaka bwino aliyense angakutsutseni kuti vuto ndi mbaula yanu.

Mlendo_kuchisanu analemba kuti:

Ndathokoza kwambiri nonse awiri. Ndasiya kuyatsa nkhunizo, ndipo zomwe ndinayatsa kale sizinapitirire zikuni khumi, zomwe ndidzanena poyera kwa woyendera akabwera. Chikwangwani chija ndachijambula m'mawa uno, ndipo chikunena momveka kuti cord ya oak wouma, popanda kutchula za galimoto paliponse. Ndapezanso uthenga womwe bamboyo ananditumizira wonena nthawi yomwe adzafike, ndipo mmenemo analembanso mawu akuti cord imodzi.

Chomwe chikundivutabe mumtima n'chakuti sindikufuna kuti munthu atsekeredwe malonda ake chifukwa cha madola 50, poti mwina ali ndi ana omwe amadalira ntchito yomweyo. Kodi ndi bwino ndimupatsenso mwayi wina ndisanapite kuboma? Komanso funso langa la timitolo tija likadalipo.

Woyenda_m'nkhalango analemba kuti:

Achemwali, za timitolo ndiyankheko ine, chifukwa ndimakonda kukagona m'mahema kumalo osungirako zachilengedwe, ndipo timitolo timeneti ndimagula kawirikawiri. Pepala lomwe mumaliona lili ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo iliyonse ili ndi malamulo ake ndi oyang'anira ake.

Ntchito yoyamba ndi ya muyeso. Mtolo wokulungidwa ndi katundu wa m'paketi monga wina aliyense, choncho uyenera kuonetsa chomwe chili mkatimo, kuchuluka kwake, ndi dzina komanso malo a kampani kapena munthu yemwe waulongedza. Mitolo yochepera pa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a cord, kutanthauza makiyubiki fiti 16, imalembedwa m'makiyubiki fiti kapena m'malita, ndipo yomwe imapezeka kwambiri m'masitolo ndi ya makiyubiki fiti 0.75. Zikuni zopangidwa pofinya utuchi, pamodzi ndi timibulu ta utuchi tothira m'mbaula zina, zimagulitsidwa pa kulemera. Woyendera akapeza mitolo yopanda zolembedwazi, kapena akayeza ingapo n'kupeza kuti ikuperewera, angathe kuletsa kuti gulu lonselo lisagulitsidwe, ndipo mwini sitolo amatsala ndi katundu yemwe sangamugulitse kufikira atalembedwanso moyenera kapena kubwezedwa kwa wolongedza.

Ntchito yachiwiri ndi yomwe ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa ndalama, chifukwa ikukhudza nkhalango zenizenizo. Mu 2002 kunapezeka kachilombo kobiriwira kotchedwa emerald ash borer pafupi ndi mzinda wa Detroit ku Michigan komanso kutsidya kwa mtsinje ku Windsor m'dziko la Canada. Kachilomboka kanachokera ku Asia, ndipo mphutsi zake zimadya pansi pa khungwa la mtengo wa ash n'kudula njira zomwe madzi ndi chakudya zimayendamo, mtengo n'kuuma m'zaka zochepa. Kapha mitengo mamiliyoni ambiri. Pakokha sikauluka mtunda wautali pa chaka, koma kakabisala m'chikuni chomwe chili kumbuyo kwa galimoto kamafika kutali kwambiri tsiku limodzi. Ndinakhalapo ndi chikuni cha ash m'manja chomwe khungwa lake litasupuka panaoneka tinjira tokhotakhota ngati ta njoka pamchenga, ndipo kunja kwake kunali timabowo tating'ono tooneka ngati chilembo cha D, momwe tizilombo tokhwima tinatulukira. Palinso china chachikulupo, Asian longhorned beetle, chomwe chinapezeka ku Brooklyn mumzinda wa New York mu 1996, kenaka ku Worcester m'chigawo cha Massachusetts mu 2008, komwe mitengo yambirimbiri ya m'misewu inagwetsedwa pofuna kuchithetsa.

Chifukwa cha zimenezi zigawo zambiri zinaika malamulo oletsa kuyenda ndi nkhuni mtunda wautali. Ku New York nkhuni zosatenthedwa siziloledwa kulowa kuchokera kunja kwa chigawocho, ndipo za mkati momwemo siziyenera kupitirira mamailosi 50 kuchokera komwe zinadulidwa. Zomwe zimaloledwa kuyenda momasuka ndi zomwe zaikidwa mu uvuni mpaka pakati penipeni pa chikuni patafika madigiri 71 pa muyeso wa Celsius kwa mphindi 75, ndipo zimenezi ziyenera kulembedwa kuti zatenthedwa, pamodzi ndi dzina ndi adiresi ya wozikonza. Boma lalikulu linachotsa malamulo ake oletsa kuyenda ndi katundu wa ash chifukwa cha kachilombo kobiriwira kaja mu Januwale 2021, koma malamulo a zigawo akadalipo, ndipo amayang'aniridwa ndi a zankhalango kapena a zaulimi. Munthu wolemba kuti nkhuni zake zatenthedwa pomwe sizinalowe mu uvuni wanama kwa wogula, komanso waphwanya lamulo loteteza mitengo, ndipo angalangidwe mbali zonse ziwiri. Dziwaninso kuti kuumitsa mu uvuni ndi kutentha kophera tizilombo sizifanana nthawi zonse, choncho mawu akuti zaumitsidwa mu uvuni paokha satsimikizira kuti mungawoloke nazo malire a chigawo.

Mphunzitsi_ku_Leeds analemba kuti:

Ndakhala ndikutsatira zokambiranazi mwachidwi, ndipo ndaona kuti ndionjezereko momwe zilili ku England, chifukwa kuno anayamba ndi mbali yomwe a Mdula_nkhuni adandaula nayo, ya mawu akuti zouma. Kuyambira pa 1 Meyi 2021, nkhuni zogulitsidwa pa muyeso wochepera makiyubiki mita awiri ziyenera kukhala ndi chinyezi chosapitirira 20 peresenti, ndipo ziyenera kukhala ndi chizindikiro cha Ready to Burn, chomwe chimaperekedwa kudzera ku bungwe la Woodsure, pamodzi ndi dzina la wogulitsa ndi nambala ya chiphaso chake. Ogulitsa ang'onoang'ono anapatsidwa chaka china chokonzekera, kufikira pa 1 Meyi 2022. Wogulitsa makiyubiki mita awiri kapena kuposerapo angathe kugulitsa zaziwisi, koma ayenera kupatsa wogula pepala lofotokoza kuti nkhunizo sizinafike poyatsa komanso momwe angaziumitsire. Wophwanya lamuloli angapatsidwe chindapusa cha mapaundi 300 ndi khonsolo ya dera lake, ndipo nkhani ikafika kukhoti ndalamazo zingakwere kuposa pamenepo. Cholinga chachikulu cha lamuloli chinali kuchepetsa utsi woononga mpweya, koma wogula anapindulanso, popeza tsopano kuuma kwa nkhuni kuli ndi nambala yomwe munthu angaiyeze.

Pa muyeso wa kuchuluka, komabe, ndimaona kuti anzathu a ku America ali patsogolo. Kuno nkhuni zambiri zimabwera m'matumba akuluakulu ofanana ndi onyamulira mchenga wa zomangamanga, ndipo matumbawo amasiyana kukula kwake, moti wogula wosafunsa angaganize kuti walandira kiyubiki mita yathunthu pomwe thumbalo ndi locheperapo, komanso nkhunizo ndi zoponyedwa. Ku France kuli vuto lofanana ndi muyeso wakale wotchedwa stère, womwe ndi kiyubiki mita imodzi ya zikuni zotalika mita imodzi. Zikuni zomwezo zikadulidwa masentimita 50 zimathinana n'kutsika kufika pafupifupi makiyubiki mita 0.8, ndipo zikadulidwa masentimita 33 zimafika pafupifupi 0.7, ngakhale palibe chikuni chomwe chachotsedwa. Wogula wosadziwa zimenezi amakangana ndi wogulitsa wachilungamo, pomwe wogulitsa wachinyengo amabisala m'chisokonezo chomwecho.

Wopuma_wa_zamiyeso analemba kuti:

Mayi, mtima wanu wachifundo ndaumva, ndipo kumupatsa mwayi wina n'koyenera, ndiponso ndi zomwe a ofesi ya miyeso adzakufunseni poyamba, ngati munayesa kukambirana naye. Koma ulendo uno musaimbe foni, mulembereni uthenga kuti mawu anu ndi yankho lake zitsale. Muuzeni kuti munagwirizana cord imodzi ya oak wouma monga momwe chikwangwani chake ndi uthenga wake zikunenera, kuti mutasanja mwapeza makiyubiki fiti pafupifupi 107 m'malo mwa 128, kuti gawo lina ndi paini, ndipo mumuitane adzayeze yekha pamaso panu. Mutchule chomwe mukufuna, kaya nkhuni zotsalazo kapena ndalama, ndi tsiku lomwe mukuyembekezera yankho, ndipo mumupemphenso lisiti yomwe sanakupatseni.

Musaope kuti dandaulo limodzi lingamutsekere malonda. Pa zomwe ndinaona, munthu wolakwa koyamba amene wavomera kukonza nthawi zambiri amangochenjezedwa ndi kuphunzitsidwa zomwe lamulo likufuna, ndipo ena mwa iwo ankakhala kuti sanayezepo n'komwe bokosi la galimoto yawo. Zilango zolemera zimagwera amene dzina lake labwera kangapo. Apa ndi pomwe ndikukulimbikitsani kuti akakana musangokhala chete, chifukwa woyendera sangadziwe kuti wogulitsa wina ali ndi chizolowezi choperewetsa ngati aliyense wogula kwa iye akuona kuti madola 50 ndi ochepa koti n'kudandaulira. Lole yomwe inakhuthula pakhomo panu imakhuthulanso pamakomo ena ambiri nyengo yomweyi, ndipo ena mwa makomo amenewo ndi a okalamba omwe alibe mphamvu zosanja mulu wonse kuti aone ngati wakwana.

Podikira yankho lake, phimbani muluwo pamwamba pokha kuti mvula isalowe, m'mbali musiye potseguka, ndipo musausunthe pomwe uli. Zikuni za paini musazichotse m'mizeremo, zisiyeni momwe munazisanjira, kuti wobwera kudzayeza adzazione yekha pakati pa zinzake.